Kuchapa Chaka

Dzina loti Thovu anam'patsa ndi abambo ake ali ndi zaka zinayi, tsiku limene anam'peza atakhala m'bafa la zochapa, thovu la sopo litafika m'khosi, akulira kuti maso akuwawa koma akukana kutulukamo. Dzinalo linakakamira. Kusukulu ankamuitana choncho, mwamuna wake ankamuitana choncho, ndipo kuhotela kumene anagwira ntchito yochapa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, bwana watsopano aliyense ankayamba ndi kufunsa ngati linali dzina lenileni kapena anthu akungomunyogodola.

Chipinda chochapira cha hotelayo chinali pansi, kuseri kwa khitchini. Chinali ndi windo limodzi laling'ono, m'mwamba, limene linkangoonetsa mapazi a anthu odutsa mumsewu. Munali makina atatu ochapira, awiri oumitsira, ndi tebulo lalitali lositirapo. Makinawo ankachapa ndithu, koma sankanyamula nsalu zonyowa, sankapinda, ndiponso sankachotsa banga la vinyo pansalu ya patebulo. Zimenezo zinkafuna manja, ndipo manja amene ankadziwa bwino ntchitoyo anali a Thovu. Anali manja oyera ngati a munthu wodwala, khungu lake lothetheka, zikhadabo zosakula. Mphete ya ukwati anaivula kalekale chifukwa sinkadutsanso pachala.

Kuchapa sanakuphunzire kuhotela. Anakuphunzira kwawo, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa mashopu, kumene abambo ake ankakonza njinga pakhonde. Ana anali atatu: iyeyo woyamba, mlongo wake, ndi kamtsikana komaliza kamene aliyense ankangokatchula kuti Mzime.

Amayi awo anali ndi lamulo limodzi limene silinkasintha, kaya chaka chinali chabwino kaya choipa. Tsiku lomaliza la chaka, kukangocha, ankatsekula chitseko ndi mawindo onse n'kuyamba kutulutsa katundu. Bedi, matiresi, mipando, kabati, masutikesi, zonse panja. Makatani ankatsitsidwa, mabulangete ankaunjikidwa pafupi ndi mpopi. Iwo ankati uku n'kuchapa chaka.

"Litsiro la chaka chino m'nyumba mwanga siligona mawa," ankatero, akumanga mpango kumutu. "Amene akufuna kulowa nalo chaka chatsopano akalowere nalo kwa aneba."

Kwa ana linali tsiku lokoma kuposa masiku onse. Mabulangete ankaviikidwa m'bafa lalikulu lachitsulo, ana n'kulowamo ndi mapazi, kumapondaponda uku akuimba, kugwerana, kuthirana madzi. Ndipo katundu akachoka m'nyumba, zinsinsi za chaka chonse zinkatulukira poyera. Kuseri kwa kabati kunkapezeka kapu yosweka imene wina anaibisa mwezi wa Meyi. Pansi pa matiresi pankapezeka pepala la mayeso lolembedwa ndi inki yofiira. Chaka china munapezeka paketi ya ndudu, pamene abambo anali atalumbira pamaso pa banja lonse kuti anasiya kusuta. Koma tsiku limenelo munthu sankamenyedwa kapena kukalipiridwa. Limenelo linali theka lachiwiri la lamulo la amayi.

Masana, zochapa zili pachingwe, onse ankakhala pansi pasimenti yokolopa kumene, m'nyumba yopanda kanthu momwe mawu ankamveka ngati m'tchalitchi. Amayi ankabweretsa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri. Kenaka aliyense, kuyambira wamng'ono, ankaulula chinthu chimodzi chimene analakwa m'chakacho osagwidwa. Akamaliza, amayi ankati, "Zachapika," nkhani n'kuthera pomwepo.

Abambo ndi amene ankaligwiritsa bwino ntchito lamuloli. Ankasunga milandu yawo miyezi ndi miyezi kudikira tsikuli.

"Ambulera yanu ija, mayi, sinabedwe ayi," anatero chaka china, akuyang'ana m'kapu. "Ndinaiiwala m'basi."

Amayi, amene anali atasiya kupereka moni kwa mayi woyandikana nawo nyumba chifukwa cha ambulerayo, anameza malovu kawiri. "Zachapika," anayankha mano ali okukuta, ana n'kugubuduka ndi kuseka.

Chaka chimene Thovu anakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, amayi anadwala chifuwa chachikulu ndipo anaonda kwambiri. Tsiku lochapa chaka litafika, anakhala pampando pakhomo atafunda nsalu, n'kumaloza ndi chala. Mlongo wake ndi Mzime anapondaponda mabulangete kanthawi, atatopa anathawira kukasewera. Apo mpamene Thovu anaona kuti kuponda kuja sikunali kuchapa. Kuchapa kunali kutunga madzi ndowa makumi awiri, kutsukuluza bulangete lililonse katatu, kulifinya, kulinyamula likudontha mpaka kuchingwe, n'kulikweza uli chiimire pachidebe. Bulangete lonyowa linkalemera kuposa iye mwini. Madzulo a tsikulo manja ake sankatha kugwira kapu ya tiyi. Amayi anawapaka mafuta, nanena motsitsa, "Pepa mwanangu. Ndiwe wamkulu."

Amayi anachira, anakhala moyo zaka zina zambiri, koma ntchito ija sinabwererenso kwa iwo. Thovu anasiya sukulu msanga, anayamba kuchapira anthu m'nyumba zikuluzikulu, kenaka analowa kuhotela. Anakwatiwa ndi mlonda wa pageti pa hotela yomweyo, munthu wofatsa, anabereka mwana mmodzi wamkazi. Mlondayo anamwalira mwanayo ali kusekondale. Mwanayo anakula, anakwatiwa kutali. Abambo anapita, amayi n'kuwatsatira patatha zaka zitatu. Mlongo wake anakhala dalaivala wa takisi, Mzime anakhala mphunzitsi.

Mwambo uja unasamukira kunyumba ya lendi ya Thovu, poti iye ndiye anali wamkulu, komanso pabwalo pake panali mpopi ndi chingwe chachitali. Zaka zoyamba ankabwera onse m'mamawa atavala zakutha, okonzeka kunyowa. Koma zinthu zinasintha pang'onopang'ono, mwakuti panalibe amene akanatha kuloza chaka chimene zinasinthira. Dalaivala anayamba kubwera ndi bulangete limodzi la kwake. "Poti madzi ndi omwewo, asisi." Chaka chotsatira anabwera ndi atatu. Mzime naye anayamba kutumiza makatani ake. "Ine ndikachapa amatuluka ngati ndakolopera. Inu muli ndi dzanja."

Mwezi wa Disembala kuhotela kunkakhala maukwati ndi maphwando motsatizana. Nsalu za patebulo zinkatsika m'matumba akuluakulu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nthunzi ya m'chipindamo n'kumachititsa makoma thukuta. Kuti apeze tsiku lomaliza la chakalo, Thovu ankasinthana ndi mnzake wa pantchito, ndiye kuti ankagwira masiku khumi ndi awiri osapuma, kuti tsiku lakhumi ndi chitatu akachape kunyumba.

Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi ziwiri, zala zake zinayamba kutupa. M'mawa ankadzuka zitauma, moti batani la bulauzi ankalimbana nalo ngati mwana. Kuchipatala dokotala wachitsikana anazipinda, kuzitambasula, n'kunena kuti ndi nyamakazi.

"Amayi, madzi ozizira muziwapewa."

"Adokotala, madzi ndiye ofesi yanga," anayankha Thovu. Onse awiri anaseka, iye n'kulandira mapilisi ake n'kubwerera kuntchito. Abale ake sanawauze. Sikuti ankabisa, koma panalibe amene anafunsa.

Tsiku lomaliza la chakacho takisi ya mlongo wake inaima pageti sikisi koloko isanakwane. Munatuluka Dalaivala, mkazi wake, ndi ana awo aakazi awiri, maso ali pafoni. M'buti munatuluka mabulangete asanu, makatani, ndi nsalu zokutira mipando ya galimoto.

"Zinazi ndangoti poti tikuchapa chaka, nayo galimoto ilowe bwino," anatero Dalaivala akuseka. "Mwadzuka bwanji, asisi?"

"Ndadzuka, achimwene. Ikani pamenepo."

Dalaivala anathandiza kutulutsa bedi ndi kabati, kenaka foni yake inalira. Anati pali kasitomala mmodzi yekha wa kudepoti, abwera pompano. Mzime anafika cha m'ma teni, atavala diresi yoyera, atanyamula buledi, mkaka, ndi mabulangete ake awiri m'thumba. Anaitana atsikana aja kuti alowe m'bafa aponde, iye akuwajambula pafoni.

"Sekani, inu. Umu ndi mmene tinkachitira ife ndi agogo anu. Mwambo wa amayi usafe."

Atsikanawo anaponda mpaka vidiyo inatha, n'kutuluka kukapukuta mapazi. Mzime anakhala pampando pamthunzi kuti atumize vidiyoyo kwa anzake, poti diresi inali yoyera. Amene anatsala pampopi anali Thovu ndi mlamu wake, mkazi wa Dalaivala, mayi wosalankhulalankhula amene ankagulitsa m'shopu ya nsapato. Mlamuyo ankatunga madzi ndi kukolopa m'nyumba. Thovu ankachikicha, kutsukuluza, kufinya.

Mabulangete onse pamodzi ndi ake anali asanu ndi anayi. Loyamba ndi lachiwiri anachapa mwachizolowezi. Pa lachitatu zala zinayamba kuyaka. Pa lachisanu sankazimvanso, ankangoona kuti zikugwira. Dzuwa linali litafika pamutu, msana unali utauma ngati thabwa. Lachisanu ndi chimodzi linali la mlongo wake, lolemera, la maluwa ofiira. Analitsukuluza katatu, analinyamula kupita nalo kuchingwe, ndipo ali pakati pa bwalo dzanja lamanja linangotseguka lokha. Bulangete linagwera m'matope amene madzi a sopo anapanga.

Anaima n'kumaliyang'ana. Zaka zonsezo akanalitola, akanatukwana pang'ono chamumtima, n'kuyambiranso. Koma tsikuli anafufuza mphamvu yoti awerame, sanaipeze. Anatembenuza ndowa n'kukhalapo, manja atawaika pamaondo. Mlamu wake anatuluka ndi chokolopera, anaona bulangete, anaonanso manja aja. Analitola n'kuliponya m'beseni, n'kukateleka madzi a tiyi.

Dalaivala anabwera thuu koloko itadutsa, akununkhira tchipisi. "Mwamaliza kale? Anthu inu ndi makina."

"Atatu atsala, ndi lanu la maluwa lija," anatero mkazi wake. "Tiyeni, tiyi wapsa."

Anakhala pansi m'chipinda chochezera, pasimenti yozizira, misana atatsamira kukhoma. Pamalo pamene panali kabati pankaoneka utoto wakale wa khomalo. Thovu anagwira kapu ndi manja awiri. Anayamba wamng'ono, monga mwa lamulo. Mtsikana wamng'ono anaulula kuti ndi iye amene anathyola chotsekulira TV. Wamkulu anati tsiku lina sanapite kusukulu, anakaonera mpira. Kwa aliyense Thovu ankati, "Zachapika," chifukwa chimwalirireni amayi mawuwo ankanena ndi iye.

Mzime anakonza pakhosi. "Ine cholakwa changa n'choti ndimadzipereka kwambiri pantchito, mpaka kuiwala thanzi langa."

"Zachapika."

Mlamu anati anawotcha shati ya mwamuna wake ndi simbi n'kunamizira kuti inang'ambika pachingwe. Dalaivala anamenya ntchafu. "Ndinadziwa ine." Kenaka iyenso anaulula kuti amene ankaba nyama m'poto chaka chonse sanali mphaka wa aneba, ana n'kuseka, mkazi wake n'kupukusa mutu.

"Zachapika," anatero Thovu.

"Tsopano azakhali," anatero mtsikana wamng'ono uja.

Zaka zonse Thovu ankasankha kanthu kakang'ono. Chaka chatha anaulula kuti anagona m'tchalitchi. Chaka chinonso anali atakonza kena kotero, koma atatsekula pakamwa kanali katamuthawa. Anaika kapu pansi.

"Ine tsiku ili sindilikonda," anatero. "Ndinasiya kulikonda ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Disembala akamayandikira mtima wanga umagwa. Ndatopa nalo."

Sananene mokweza, ndipo sankaoneka wokwiya. Ananena ngati munthu amene akufotokoza kuti mpopi ukudontha. Dalaivala anayamba kuseka, akudikira kuti nthabwalayo ipitirire, koma ataona kuti palibe amene akumuthandiza anasiya.

"Asisi, mwayamba liti zoseketsa?"

Thovu anatambasula manja ake pakati pawo. Zala zinali zofiira, zotupa, chala chapakati chitapindika. "Ndi nyamakazi. Anandiuza mwezi wa Ogasiti. Koma si nyamakazi yokha, achimwene. Ngakhale manja akanakhala abwino ndikanatopabe."

"Ndiye zaka zonsezi mumatinamiza?" anafunsa Mzime. "Ine chaka chonse ndimadikira tsiku limeneli. Ndi pokhapa pamene ndimawaona amayi. Akanamva zimene mukunenazi..."

"Amayi ankadziwa."

"Musawanamizire amayi."

"Iwe unali ndi zaka zitatu, Mzime. Iwe umakumbukira thovu ndi buledi. Sindikuti unalakwa. Unali mwana. Koma lero suli mwana, ndipo wabwera ndi diresi yoyera."

Mzime anayang'ana diresi yake, misozi n'kuyamba kutsika. "Bwanji simunanene? Munthu amadziwa bwanji ngati simunena?"

Thovu anafuna kuyankha, koma anaona kuti funsolo linali loona. Bwanji sananene? Poyamba anali mwana, ndipo amayi anali kudwala. Kenaka anali wamkulu, ndipo zinkaoneka zochititsa manyazi kudandaula za mabulangete. Kenaka amayi anamwalira, ndipo kukana kukanakhala ngati kuwakana iwowo. Anangoti, "Kaya. Ndanena lero."

Atsikana aja ankayang'ana pansi. Onse ankadziwa mawu amene amayenera kutsatira, koma wonena mawuwo anali yemwe waululayo. Dalaivala ankazunguza supuni m'kapu yopanda tiyi.

"Ine ndine wobwera m'banja muno," anatero mlamu uja potsiriza, "koma lamulo ndinalimva bwino tsiku loyamba. Chonenedwa pansi pano sichikwiyitsa munthu. Zachapika, alamu."

"Si inu woyenera kunena zimenezo," anatero Mzime.

"Ndiye nenani inuyo."

Mzime sananene. Dalaivala anang'ung'udza kanthu kena kamene kankamveka ngati mawu omwewo, koma pa nthawi yomweyo padenga panagwa madontho oyamba a mvula, onse n'kudzuka kuthamangira panja ngati anthu amene apulumutsidwa. Matiresi analowa atanyowa ngodya imodzi. Kabati anaiika pakhoma lolakwika, ndipo panalibe amene anali ndi mphamvu yoisuntha. Mabulangete onyowa, osachapa, ndi lamatope lija, Dalaivala anawaunjika m'buti osasankha kuti ili ndi la yani. Mzime anakhala kumpando wakumbuyo, nkhope atalozetsa kwina. Mlamu yekha ndi amene anabwerera pakhomo kudzatsanzika.

"Mupake mafuta manjawo, alamu. Mulowe bwino chaka."

M'mawa mwake, tsiku loyamba la chaka, Thovu anali kuntchito sikisi koloko. Matumba a nsalu za phwando la dzulo anali atafika pafupi ndi denga, onunkha mowa ndi msuzi. Mnzake uja amene ankasinthana naye masiku anamufunsa, "Mwachapa chaka, mayi?"

"Theka," anayankha, n'kumasula thumba loyamba.

Mzime sanaimbe foni mpaka mwezi wa Epulo, ndipo ataimba anangokamba za mutu umene unkamuvuta ndi za ana a sukulu osamva. Dalaivala anabwera kamodzi ndi mankhwala opaka a m'kachubu. Anawaika patebulo osanena kuti ndi a chiyani, anakamba za kukwera mtengo kwa matayala kwa ola lathunthu, n'kusuntha kabati ija kuibwezera pamalo pake. Kuhotela, manja a Thovu atafika poipa, anamuchotsa pa zonyowa n'kumuika popinda matawulo ndi mapilo, ntchito ya chikhalire. Nthunzi inali yomweyo, koma madzi sankawagwiranso kwambiri.

Disembala wotsatira sanasinthane tsiku ndi munthu aliyense, koma zinangochitika kuti tsiku lomaliza la chaka linagwera pa tsiku lake lopuma. Panalibe amene ananena kuti abwera, panalibenso amene ananena kuti sabwera. Anadzuka faifi koloko monga mwa chizolowezi, n'kugona chagada kumvetsera. Galimoto zinkadutsa, koma palibe imene inaima pageti. Ankaganiza kuti adzasangalala. Sanasangalale, sanadandaulenso. Ankangomva thupi lake lonse likulemera pabedi, ngati kuti kutopa kwa zaka zonse kwapeza mpata wofika. Anadzuka naini koloko, anamwa tiyi yekha, anasesa m'nyumba katundu ali m'malo mwake, n'kubwereranso pabedi.

Cha m'ma leveni foni inalira. Anali Mzime, akupuma mwabefu.

"Asisi, bulangete mumatsukuluza kangati?"

"Katatu."

"Lililonse?"

"Lililonse."

Kumbali inayo kunamveka madzi akuthira m'ndowa, ndi mawu a Dalaivala akukangana ndi mkazi wake za mmene anyamulire bedi.

"Tili kwa achimwene kuno," anatero Mzime. "Msana wanga watha."

"Uli pa lachingati?"

"Lachiwiri."

Thovu anaseka, kuseka kwapansipansi kumene kunamupweteka m'nthiti.

"Musaseke, asisi. Madzulo mubwera kudzamwa tiyi? Achimwene akuti adzakutengani. Simugwira kanthu."

"Ndiona mmene thupi likhalire."

Atadula foni anaganiza zovala, anayang'ana diresi imene inali pachitseko. Kenaka anatembenuza pilo, anati agone pang'ono kaye. Takisi itafika pageti folo koloko, Dalaivala anagogoda kawiri, anasuzumira pawindo, anaona mlongo wake ali m'tulo pakamwa pali potsekula, n'kubwerera yekha. Tiyiyo Thovu anakamwa Lamlungu lotsatira.